Ndalama za kaboni: amalipira chiyani kwenikweni?

Zikomo a Gulupu, mafumu, amayi ndi abambo. Taitanidwa chifukwa kuno ku Kasungu kwamveka mphekesera yoti azungu akugula mpweya wa m'nkhalango. Tiyeni tiiwongole.

Mtengo ukamakula umakoka mpweya wa kaboni n'kuusunga m'thunthu, m'nthambi ndi m'mizu. Pafupifupi theka la kulemera kwa nkhuni zouma ndi kaboni. Mukawotcha tani imodzi ya nkhuni zouma, mpweya wa kaboni wokwana pafupifupi makilogalamu 1,800 umakwera kumwamba, ndipo ndi umene ukuwonjezera kutentha kwa dziko.

Mayiko adagwirizana zolimbana ndi kusintha kwa nyengo ku Rio de Janeiro mu 1992. Koma zolipira osunga nkhalango zidabwera mochedwa, mu 2005 ku Montreal, pamene Papua New Guinea ndi Costa Rica adafunsa kuti wosiya mtengo uli chilili apindulenso. Adakokanakokana mpaka malamulo ake adapsa ku Warsaw mu 2013, kenako n'kulowa m'pangano la Paris la 2015. Ndondomekoyi ndiyo REDD+.

Tsono apa mumvetsetse. Salipira kuchuluka kwa mitengo imene muli nayo. Amalipira kusiyana. Tiyerekeze kuti nkhalango ya mudzi inkatha mahekitala 10 chaka chilichonse, ndipo inu mwayesetsa mpaka ikutha 4 okha. Ndalama imawerengedwa pa 6 opulumukawo. Chiwerengero chakalecho amachipeza pa zithunzi za setilaiti za zaka zambuyo. Ena adachikuza dala kuti kusiyana kuoneke kwakukulu, n'chifukwa chake masiku ano ogula sakhulupirira msanga.

Kuyeza kwake si kovuta, anyamata ndi atsikana anu angaphunzire. Mumadula timagawo m'nkhalango, n'kukhoma zikhomo kuti chaka china mudzabwerere pomwepo. Mtengo uliwonse mumauzunguliza tepi pamtunda wa mita 1.3 kuchokera pansi, cha pachifuwa, n'kulemba dzina lake: tsamba, mombo, muwanga, msuku. Dzinalo musalumphe, poti muwanga ndi wolemera kuposa msuku ngakhale zitafanana kunenepa. Mukayezera patsinde mumanamiza buku, ndipo odzatsimikizira akapeza zimenezo amakayikira ntchito yonse.

Chimene chimagwetsa midzi yambiri ndi ichi: mwatseka nkhalango yanu, koma mabani a fodya akufunabe nkhuni, zigafa zikufunabe mapolo, wamakala akufunabe mchere. Onsewo amangowolokera kwa mfumu ina, kapena kulowa usiku m'nkhalango ya boma ya Chimaliro ndi m'paki ya Kasungu. Setilaiti imaona konseko, ndipo zodulidwa uko amazichotsera pa ndalama yanu. Choncho musanatseke, yambani mwadzala mitengo ya zigafa ndi ya nkhuni pa malo ake, ndipo amayi akhale ndi mbaula zosatha nkhuni.

Chinanso ndi moto. Lupsa la mu Okutobala limapha ziphukira zimene mwazisamala zaka zisanu. Lambulani njira m'malire udzu ukangoyamba kuuma, ndipo ngati n'kuwotcha, wotchani mu Meyi kapena Juni, madzulo, moto usanakhale ndi ukali. Pa chitsa chophukira siyani mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka. Kunena zoona, m'nkhalango zathu zachilengedwezi chitsa chimaposa mbande ya m'chubu, chifukwa mizu yake idafika kale pansi.

Ndalamayi simabwera msanga. Imadikira kuyeza ndi kutsimikizira, zomwe zimatenga zaka, ndipo mapangano ake nthawi zambiri amakhala a zaka 20 kapena 30. Akabwera munthu ndi mapepala, a Gulupu, musasaine tsiku lomwelo. Ku Cancún mu 2010 mayiko adagwirizana kuti eni dera azimvedwa ndi kutenga nawo mbali mokwanira. Mufunseni kuti pa K100 iliyonse mudzi utenga zingati, ndani adzasunge ndalamazo, ngati amayi adzaloledwabe kuzula bowa ndi kutola masuku, komanso moto ukalowa wotaya ndani. Pepalalo liwerengedwe m'Chichewa pabwalo, komiti ya zachilengedwe ndi mlangizi wa zankhalango ali pomwepo.