Mawu a M'mawa: Amene Anatisiya Timamukumbukira Bwanji?

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Lero tiwerenge Machitidwe 15:37-39, kenako 2 Timoteo 4:11.

Ku America mpira wa m'mayunivesite, uja amaugwira ndi manja, anthu amaukonda koopsa. Kumapeto kwa 1999 timu ya yunivesite ya Louisiana State (LSU) ya mumzinda wa Baton Rouge inalemba kochi Nick Saban. Iye anaipeza itafooka, koma anaidzutsa. Mu Januwale 2004 anyamata ake anagonjetsa Oklahoma 21-14 ku New Orleans n'kutenga chikho cha dziko lonse, chomwe sukuluyo inali isanachigwirenso chiyambire 1958. Chaka chomwecho chisanathe, bamboyu anavomera ntchito ku Miami Dolphins, timu ya akatswiri yomwe simasewera ndi mayunivesite. Izi masapota akanatha kuzimeza. Chinawabaya mtima n'chakuti mu 2007 anatulukira ku Alabama, timu yomwe amalimbana nayo chaka ndi chaka. Atabwera nayo ku Baton Rouge mu Novembala 2008, ena anaotcha chifanizo chake, bwalo lonse likumukuwiza. Alabama inapambana 27-21.

Kuwawa kwawo sindikukupeputsa ayi. Munthu amene munkamuimbira nyimbo akavala malaya a adani anu, zimapweteka. Koma taonani chimene mkwiyo unabisa. Mu nyengo ya 2007 LSU inatenganso chikho pansi pa kochi Les Miles, ndipo ambiri mwa osewera akuluakulu a timu imeneyo anali anyamata omwe Saban anawabweretsa. Anthu ankakolola m'munda womwe iye analima, uku akutukwana dzina lake. Tsiku limodzi lochoka linafufuta zaka zisanu za thukuta.

Paulo mtumwi anadutsamo m'zoterezi. Yohane Marko anawasiya ku Pamfuliya ulendo uli pakati, ntchito ikadali yambiri. Barnaba atafuna kuti amutengenso, Paulo anakaniratu, ndipo mkangano unakula mpaka atumiki awiri a Mulunguwa anapatukana. Barnaba anatenga Marko kupita ku Kupro, Paulo anasankha Sila. Paulo sankanama, Marko anathawadi. Koma pitani ku kalata yomwe analembera Timoteo ali m'ndende, imfa ili pafupi, anzake ambiri atabalalika. Pa anthu onse, akupempha kuti amubweretsere Marko, chifukwa ndi wothandiza pa utumiki. Mkulu uyu analola Mulungu kuti amusinthire mmene ankakumbukirira munthu amene anamukhumudwitsa. Sanamutsekere pa tsiku lija la ku Pamfuliya.

Ifeyo tili nawo a Marko athu. Abusa omwe anatibatiza, kutidalitsira ukwati, kuikira maliro a mayi athu mvula ikugwa, kenako n'kupita kumpingo wina. Mtsogoleri wa kwaya amene anatiphunzitsa kuimba mawu anayi. Mlamu amene analipirira ana fizi banja lisanasokonekere. Dzina lawo likatchulidwa pagulu, timangoti "asa, uja anatithawa uja," ngati palibe china chimene anachitapo. Mwina anachokadi moipa, osatsanzika n'komwe. Kukhululuka sikufuna kuti tiname pa zimenezo. Kumafuna kuti tinene zoona zonse, ndi zabwino zomwe, pakuti kutchula cholakwa chokha ndi umboni wonama ndithu, ngakhale mawu aliwonse atakhala oona.

Musanatuluke m'nyumba m'mawa uno, tchulani dzina la munthuyo pamaso pa Mulungu, ndipo muwerenge zinthu zimene anakusiyirani zomwe mukudyabe mpaka lero. Ngati nambala yake ikadali m'foni, mulembereni uthenga womuthokoza pa chimodzi mwa izo.

Tipemphere. Atate, mukudziwa amene anatichokera ndi mmene zinatiwawira. Tichotsereni chiwawo chimenechi, mutikumbutse zabwino zomwe munatipatsa kudzera m'manja mwawo, ndipo muwadalitse kumene ali. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.

Muyende bwino lero.