Makalata a omvera: dzanzi la m'mkono lochokera m'khosi

Takulandiraninso omvera athu. Kalata yoyamba lero yachokera kwa mayi wina, mphunzitsi wa ku Mchinji. Akuti:

"Achimwene, ndikamalemba pa bolodi mkono wanga wamanja umalemera, kenako dzanzi limatsika mpaka kachala kakang'ono ndi chala chovala mphete. Choko chimachita kundipulumuka. Kuyanika zovala pa chingwe ndi nkhondo. Anzanga akuti ndi chiyambi cha sitiroko, apongozi akuti anditemere mphini. Dokotala wina anangondilembera papepala kuti thoracic outlet syndrome, osandifotokozera. N'chiyani chimenechi?"

Zikomo mayi. Gwirani fupa lopingasa lija pakati pa khosi ndi phewa lanu. Kunsi kwake kuli nthiti yoyamba, ndipo pakati pa mafupa awiriwa pali kampata kakang'ono. M'kampatamo mumadutsa mitsempha yopereka mphamvu ndi kumva ku mkono wonse, pamodzi ndi mitsempha ikuluikulu ya magazi. Kampatako kakachepa, zonsezi zimapanikizika ngati paipi ya madzi yoti wina waipondapo. Mukakweza mkono kampatako kamachepanso kwambiri, n'chifukwa chake bolodi ndi chingwe cha zovala zikukusautsani.

Zochepetsa kampataka zilipo zingapo. Ena amabadwa ndi nthiti yoonjezera m'khosi, ndipo imaoneka pa X-ray. Ena zimawayamba pambuyo pa ngozi ya galimoto imene inagwedeza khosi. Koma ambiri ndi ntchito: kukhala manja ali m'mwamba tsiku ndi tsiku, kukolekera chikwama cholemera paphewa limodzi, kukhala chowerama mapewa atagwera kutsogolo. Mwa anthu 10 odwala matendawa, 9 kapena kuposa vuto lawo limakhala la mitsempha ya kumva, ngati lanuli, ndipo limakonda amayi kuposa abambo.

Sitiroko siyenda chonchi. Imeneyo imagwa mwadzidzidzi, kawirikawiri nkhope n'kupotoka, lilime n'kulemera, ndipo sidikira kuti mukweze mkono. Komabe dokotala akuyeneranso kuona khosi ndi chigongono, chifukwa mtsempha wopanikizika m'malo amenewo umabweretsa dzanzi lofanana. Njira imodzi imene amayesera vuto la kampatali ndi kukuuzani kuti mukweze manja onse, muzifumbata ndi kutambasula zala kwa mphindi 3, aone ngati dzanzilo libwera.

Za mphini, ndi ulemu wonse kwa apongozi, lezala silingakulitse mpata wa pakati pa mafupa. Chithandizo choyamba ndi mafizo: kulimbitsa minofu ya kumsana kwa mapewa, kumasula ya m'khosi ndi pachifuwa, ndi kuphunzira kupuma ndi mimba m'malo monyamula mapewa. Zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre zili ndi anthu a ntchito imeneyi. Zimatenga miyezi, ndipo ambiri amasiyira panjira poona kuti sabata yoyamba palibe chasintha. Pakadali pano lembani m'munsi mwa bolodi, tsitsani chingwe chifike pachifuwa, makope a ana muziwagawa manja awiri, ndipo musagone mkono uli pamwamba pa mutu. Opaleshoni yochotsa nthiti yoyamba ilipo, koma imabwera mafizo akakanika, kapena mnofu wa patsinde pa chala chachikulu ukayamba kuphwa.

Kalata yachiwiri ndi yaifupi, yochokera kwa mnyamata wopenta nyumba ku Johannesburg:

"Madala, dzana nditapenta siling'i tsiku lonse, mkono unatupa kuyambira paphewa, wada, ndipo mitsempha yatuluka pachifuwa. Ndikuuthowa ndi madzi otentha. Ndidikire kangati?"

Mphwanga, musadikire ngakhale kuti pulogalamu ino ithe. Zimene mwafotokozazi zikufanana ndi mtundu wina wa matenda omwewa, pamene magazi aundana mumtsempha wa kunsi kwa fupa lija. Chibulumwa cha magazicho chikhoza kuthothoka n'kukafika m'mapapo. Siyani kuthowa ndi kusisita, pitani ku chipatala lero lomwe, muwauze ntchito imene mumagwira ndi tsiku limene kutupa kunayamba. Akakuunikani ndi makina, ndipo akapeza kuti ndi zimenezo adzakupatsani mankhwala oletsa magazi kuundana, mwinanso osungunula chibulumwacho, amene amagwira bwino m'masiku oyambirira. Mukamva kubanika kapena kupweteka pachifuwa muli m'njira, nenani pakhomo pomwe kuti asakuikeni pamzere.