Makalata a omvera: foni ya mwana wanga yandisowetsa tulo

Takulandirani nonse, kuyambira kuseri kwa phiri la Dedza mpaka ku Kampepuza uko, makamaka inu amene mukundimva muli mu bulangete chifukwa kuzizira kwa mwezi uno sikukuseka ndi munthu. Makalata sabata ino achuluka, ena pa pepala ena pa WhatsApp, ndiye tisachedwe.

Bambo a ku Lobi akuti mavenda akuwagula mbatatesi motchipa kwambiri, atani. Bambo, gwirizanani ndi anzanu muzitchula mtengo umodzi, mukamagulitsa aliyense payekha venda amakuseweretsani. Chemwali a ku Linthipe akuti chibwenzi chawo chimangoimba chikafuna ya bandulo. Chemwali, chimenecho si chibwenzi, ndi katapila. Thawani.

Tsopano kalata iyi. Ndaiwerenga kanayi kunyumba mpaka akazi anga anandifunsa ngati ndi ya chibwenzi chakale. Yachokera kwa mayi ena a cha ku Bembeke, dzina atipempha tisatchule. Mwana wawo wamwamuna ali chaka chachiwiri pa koleji ina ku Zomba, wabwera ku holide, tsiku lina anasiya foni pa chaja ya sola pakhonde iye atapita kudimba kukathirira kabichi. Foni inawala, mayi anaona chizungu chambirimbiri, ndiye anaitana mlongo wake wa Fomu 3 kuti awamasulire. Akulemba chonchi: "Nkhani yake ndi ya anyamata awiri a pa koleji ogona chipinda chimodzi, wina ali ndi chibwenzi chachikazi kumudzi koma mtima wake ukumapita kwa mnzakeyo ndipo sakudzimvetsa. Nkhani zoterezi ali nazo zambiri mufonimo. Kuyambira tsiku limenelo nsima sikundilowa. Kodi mwana wanga walowa zamathanyula? Ndiwauze amalume ake kapena ndipite naye kwa aneneri?"

Mayi anga, pepani. Koma tayambani mwadya kaye, munthu wanjala saganiza bwino.

Ine zimenezi sindinkazidziwa, ndinafunsa mtsikana wina yemwe timagwira naye ntchito mu studio muno, anandiseka kaye kenako anandionetsa Wattpad. Ndi app ya ku Canada, inayamba mu 2006, munthu aliyense amalembapo nthano chaputala ndi chaputala ndipo ena amawerenga pa foni bola bandulo ilipo. Akuti nkhani za anyamata okhaokhazi iye ndi anzake aakazi amaziwerenga kwambiri kuposa anyamata. Ndinavala magalasi nkuwerenga machaputala asanu a imodzi. Ndikuuzeni zoona, ndimayembekezera zolaula zokhazokha. Zomwe ndinapeza, mnyamata wadwala usiku ku hositelo, mnzake akumuphikira kaphala, akumufunditsa jekete lake, kenako akutuluka panja kukakhala pa sitepe nkumadzifunsa kuti kodi ineyo chandivuta nchiyani, anthu a kwathu akadziwa ndidzalowera kuti. Chaputala chachisanu chatha sanagwirane ngakhale dzanja. Zolaula ziliko, sindikana, monganso ziliko za mwamuna ndi mkazi, koma gawo lalikulu la imene ndinawerenga ineyo linali mantha basi.

Ndiye funso lanu lija. Kuwerenga nthano si kuulula ayi. Ine ndawerenga nkhani za afiti kuyambira ndili ku pulaimale koma sindinakwerepo lichero. Mwina mwana wanu anangoipeza pa gulupu ya anzake, mwina amakonda chizungu chake. Komanso sindikunamizani kuti mugone bwino, mwina akuwerenga chifukwa mnyamata wa pa sitepe uja akufanana naye, ali ndi mafunso omwe sangafunse abusa, sangafunse anzake a mu hositelo, sangafunse inu. Ine sindikudziwa, inunso simukudziwa, mwinanso iye mwini sakudziwa, paja nkhanizo ndi za anthu amene sanapeze yankho.

Za amalume ake, dikirani kaye. Kwathu kuno nkhani ikafika kwa mwini mbumba yasanduka mlandu, pamakhala mipando, azakhali abwera, mawa lake ili pa mjigo. Ndipo musaiwale dziko lomwe tikukhalamo. Ndime 153 ya malamulo athu a milandu imapereka chilango chofika zaka 14 kundende, ndime 156 zaka 5. Akuluakulu mukukumbuka awiri aja anachita chinkhoswe ku Blantyre kumapeto a 2009, anawagamula zaka 14 mu May 2010, a Bingu wa Mutharika anawakhululukira patangopita masiku ochepa, pomwe a Ban Ki-moon, mkulu wa bungwe la United Nations panthawiyo, anabwera kuno. Mu June 2024 khothi linanena kuti malamulowa akhalebe, ofuna kusintha apite ku nyumba ya malamulo. Ndimezi zimakamba za mchitidwe osati za kuwerenga nthano, koma mphekesera sidikira loya. Mwana akangomatidwa dzina pamudzi, ena amamumenya, ena amamuopseza kuti tipatse ndalama apo ayi tikakunenera ku polisi. Ndiye mlongo wake uja mumukhazike pansi lero lomwe, asajambule sikirini nkutumizira mnzake "wapamtima", mukudziwa inu nomwe kuti wapamtima amakhalanso ndi wapamtima wake.

Ndikadutsa pa Lizulu ndimaseka ndekha. Mbali ino ya msewu Malawi, mbali inayo Mozambique, tomato yemweyo, chilankhulo chomwecho, maliro timapitirana, koma kutsidyako lamulo loterolo analichotsa mu 2015. Sindikuti samukani ayi, ndikungoti nkhaniyi anthu amaiona mosiyana ngakhale pongodumpha phula.

Za aneneri ndiye ndikukanizani poyera. Ine ndimapemphera, mipando ya kutsogolo, ndikudziwa zomwe mipingo yathu imaphunzitsa, mu July 2023 tinaona tonse atsogoleri a zipembedzo akuyenda m'misewu kukana maukwati a amuna kapena akazi okhaokha. Sindinabwere pano kudzasintha chikhulupiriro chanu, pempherani ndithu m'chipinda mwanu. Koma kutenga mnyamata wa ku koleji, kukamugwaditsa pagulu anthu akumukuwira kuti tuluka tuluka, mbuzi yanu yapita, ndalama ya fizi yapita, mwana akabwerera ku Zomba holide ina sadzabweranso. Mudzangomva kuti wapeza kaganyu ku Lilongwe.

Chitani izi. Mawa mupite naye kudimba awiriwiri, manja ali pa khasu pakamwa pamamasuka. Muyambe ndinu kupepesa kuti munagwira foni yake, inde mayi, mupepese, simufa nazo. Kenako mufunse kuti nkhani zija umazikondera chiyani, mukatero mukhale chete, chete weniweni osati uja wokonzekera kulalata. Akati ndi nthano chabe, vomerani, musamupanikize, kuona maso a nkhono nkudekha. Akayamba kulira, musathamangire vesi, mugwireni paphewa.

Ndipo makolo ndikudzudzuleniko pang'ono, iyi ndi kalata yachitatu mwezi uno yoyamba ndi "ndinatsegula foni ya mwana wanga". Zaka zonsezi mwakhala mukundilembera kuti ana a masiku ano sawerenga, lero mwana akuwerenga machaputala makumi awiri usiku umodzi mwayambanso kulira. Mumadziwa pasiwedi ya foni yake koma simudziwa dzina la yemwe amagona naye chipinda chimodzi, simudziwa ngati amadya kawiri kapena kamodzi ku sukuluko, mukaimba foni funso ndi limodzi, mayeso akhala bwanji. Pa wailesi pomwe pano timalengeza za anyamata odzikhweza, pamaliro aliyense nkumati anali wofatsa, sanatiuze kanthu. Akanakuuzani nthawi yanji, inu mukamva kanthu kakang'ono mwaitana kale mudzi wonse?

Aaa, nthawi yandithera pa kalata imodzi, opanga pulogalamu akundilozera wotchi.

Achimwene a pa Ntcheu boma akuti amalemba nkhani zachikondi ndipo akufuna tiziwerenga pano. Tumizani, koma anthu anuwo asamamwe khofi mu chipale chofewa ngati ali ku London, adye chipisi cha pachiwaya pa Tsangano. Agogo a ku Golomoti akuti tiwapatsire moni adzukulu awo ali ku Joni ndipo atumize bulangete lija analonjeza chaka chatha. Adzukulu mwamva.

Mayi a ku Bembeke, mundilemberenso sabata ya mawa, ngakhale mizere iwiri, mundiuze ngati nsima yayamba kulowa.