Lagoon 380: kodi boti la matupi awiri lingathane ndi mwera wa ku Salima?

[Chithunzi: gombe la Senga Bay m'mamawa, chilumba cha Namalenje chikuonekera patali]

Moni nonse amene mukuonera. Tikukulankhulani kuchokera ku Senga Bay m'boma la Salima, ndipo nkhani yathu lero ndi ya boti loyendera mphepo la mtundu wa katamarani, makamaka limene limatchedwa Lagoon 380. Botili n'lodziwika kwambiri pa nyanja zamchere, kumene mabanja amalichita hayala kapena kuligula n'kumagonamo miyezi yambiri ali pa ulendo. Chimene ndikufuna tiunike ndi ichi: zabwino zimene eni ake amaliyamikira nazo, ndi zovuta zimene amadandaula nazo, zingatanthauze chiyani litati liziyenda pa nyanja yathu ino, pakati pa Salima ndi Nkhotakota?

Katamarani ndi boti la matupi awiri aatali ndi owonda, olumikizidwa ndi chipinda chachikulu chimene chimalenjekeka pamwamba pa madzi. Lagoon 380 linkapangidwa ku France ndi kampani ya Lagoon, yomwe ili pansi pa gulu la Beneteau, ndipo amene analijambula ndi akatswiri awiri, Marc Van Peteghem ndi Vincent Lauriot-Prévost. Linatuluka m'chaka cha 1999, ndipo kwa zaka pafupifupi 20 kampaniyi inapanga mazanamazana a maboti amenewa. M'litali ndi mamita 11.5, m'lifupi mamita 6.5, kulemera kwake kumaposa matani 7, koma limalowa m'madzi mita imodzi ndi masentimita 15 basi. Mkati muli zipinda zogona zitatu kapena zinayi, malo ophikira, zimbudzi, ndi injini ziwiri za dizilo, imodzi m'thupi lililonse.

[Chithunzi: boti la thupi limodzi litapendekeka ndi mphepo, pambali pake katamarani ataima chilili]

Chinthu choyamba chimene aliyense woyenda m'botili amatchula n'chakuti silipendekeka. Boti la matanga la thupi limodzi limakhala ndi chitsulo cholemera kunsi kwake, ndipo mphepo ikadzaza m'thanga limagonera mbali imodzi mpaka chitsulo chija chitalibweza. Amene ali mkati amayenda chogwirira, ndipo mphika uli pamoto umafunika kuumangirira. Katamarani alibe chitsulo choterocho, chifukwa chimene chimamuchirikiza ndi kutalikirana kwa matupi ake awiri. Kapu ya tiyi imakhala pa tebulo osatayika, ana amasewera pansi, ndipo anthu ambiri amene amachita chizungulire pamadzi amapezako bwino. Kwa munthu amene akuganiza zonyamula alendo kuchoka ku Senga Bay kukaona nsomba za mbuna ku zilumba za Maleri, ubwino umenewu si wamasewera, pakuti mlendo amene wasanza ulendo wonse sabweranso.

Kusalowa kwambiri m'madzi nako kukugwirizana ndi gombe lathu. Mbali yaikulu ya gombe la Salima ndi Nkhotakota ndi mchenga wotsetsereka pang'onopang'ono, ndipo amene anakwererapo Ilala ku Nkhotakota akukumbukira kuti sitimayo inkaima patali, anthu ndi katundu n'kumatutidwa ndi maboti ang'onoang'ono. Boti longofuna madzi ofika m'chifuwa cha munthu wamkulu likhoza kuponya nangula pafupi ndi mtunda, okwera n'kutsika mosavuta. Injini ziwiri zija zimathandizanso pamalo opanikizika: woyendetsa akaika ina kutsogolo, ina kumbuyo, boti limatembenuka pamalo pomwe laimapo, ndipo ina ikafa pakati pa nyanja, yotsalayo imakufikitsani kumtunda.

Tsopano tibwere ku mphepo, chifukwa ndi pamene maganizo a anthu amayamba kusiyana. Kuyambira mwezi wa Meyi mpaka cha mu Ogasiti, pa nyanja ino pamaomba mwera, wochokera kum'mwera chakum'mawa. Ulendo wochoka ku Senga Bay kupita ku Nkhotakota ndi wa makilomita oposa 90 kulowera kumpoto, kutanthauza kuti mwera umakhala kumbuyo kwanu. Apa ndi pamene Lagoon 380 limasangalatsa. Mafunde amalikankha m'malo molimenya, silimagudubuzika uku ndi uku monga amachitira maboti a thupi limodzi mphepo ikakhala kumbuyo, ndipo pa liwiro la makilomita 12 pa ola, limene botili limafika mosavuta mphepo ikakhala yabwino, mukhoza kunyamuka m'bandakucha, kudutsa kufupi ndi chilumba cha Mbenji, n'kukafika ku Nkhotakota dzuwa lisanalowe. Ochita mpikisano wa maboti a matanga umene umachitika m'nyengo yozizira kuchokera ku Mangochi kulowera kumpoto amadalira mwera womwewu, ngakhale kuti iwo amakwera timakatamarani topepuka topanda chipinda.

[Chithunzi: mapu oonetsa Senga Bay, Cape Maclear ndi kumene mwera umachokera]

Vuto limabuka pobwerera, kapena mukafuna kuoloka kupita ku Cape Maclear. Kumeneko ndi makilomita pafupifupi 40 okha, koma kuli mbali yeniyeni imene mwera umachokera. Palibe boti la matanga limene limayenda molunjika kumene mphepo ikuchokera. Onse amayenda mokhotakhota, kudula uku kenako uko. Kusiyana kwake n'kwakuti boti lokhala ndi chipsepse chachitali kunsi limagwira madzi bwino n'kuyandikira mphepo, pomwe Lagoon 380 lili ndi zipsepse zazifupi, zomwe zija zimalilola kufika pafupi ndi gombe. Zotsatira zake n'zakuti limatsetserekera cham'mbali, ndipo chipinda chake chachitali cha mawindo oimirira chimagwira mphepo yambiri. Makilomita 40 aja amasanduka ulendo wa tsiku lathunthu. Eni ake ambiri amavomereza poyera kuti zikafika potere amangoliza injini imodzi n'kusiya thanga lalikulu lili m'mwamba. Ine sindikuona cholakwika pamenepo, koma wogula adziwiretu kuti dizilo adzamuthira ndithu, ndipo kuno kwathu dizilo si chinthu chimene munthu angachidalire tsiku lililonse.

Palinso nkhani ya mafunde. Pa nyanja zazikulu zamchere funde limakhala lotambalala, boti limakwera n'kutsika mwaulemu. Mafunde a mwera ndi oimirira ndiponso otsatizana mothinana. Boti la matupi awiri likalunjika mafunde otere, ena amalowa pakati pa matupi aja n'kumenya kunsi kwa chipinda. Kwa amene wagona mkati, zimamveka ngati wina akusinja mumtondo kunsi kwa bedi, ndipo mbale za m'kabati zimalira ndi kugunda kulikonse. Botili linapangidwa kuti lizipirira zimenezi, koma anthu amatopa nazo msanga. Mukalidzaza katundu, kunsi kwa chipinda kumayandikira madzi ndipo kugundako kumachuluka. Apa mpamene chizolowezi chathu chopakira boti mpaka malo atatha chiyenera kusiyidwa kumtunda: katamarani ndi wotakasuka, koma sakonda kulemedwa.

Mfundo imene ndikufuna muigwiritsitse kuposa zonse ikuchokera pa ubwino womwe tinayamba nawo uja. Boti la thupi limodzi limachenjeza mwini wake. Mphepo ikakula limapendekeka kwambiri, madzi amafika m'mphepete, aliyense amachita mantha, ndipo woyendetsa amachepetsa thanga. Kupendekekako kumatayanso mphepo ina, motero mphamvu yokoka zingwe ndi mlongoti imachepa yokha. Katamarani sachita zimenezi. Mphepo ikawirikiza, iye amangoimabe chilili n'kuwonjezera liwiro, okwera akumwa tiyi ndi kuseka, pamene mphamvu yonse ikuunjikana pa mlongoti, pa zingwe ndi pa thupi la mbali imene mphepo ikupita. Tikumbukire kuti liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, mphamvu yake pa thanga imawirikiza kanayi. N'chifukwa chake opanga mabotiwa amaika m'buku la malangizo mndandanda wosonyeza kukula kwa thanga koyenera pa liwiro lililonse la mphepo, ndipo woyendetsa wanzeru amayang'ana kachipangizo koyezera mphepo, osati mmene iye akumvera m'thupi mwake. Amachepetsa thanga potengera mphepo yamphamvu imene ikubwera mwa apo ndi apo, osati yapakatikati, ndipo amatero dzuwa lisanalowe, osadikira kuti akalimbane ndi nsalu yolemera mumdima.

N'zoona kuti maboti aakulu a mtunduwu sagubuduzika kawirikawiri, ndipo popeza alibe chitsulo cholemera kunsi, ambiri samira ngakhale atagubuduzika. Koma likatembenuzika silidzukanso lokha, n'chifukwa chake m'matupi ake mumaikidwa tizitseko tothawira. Nyanja ya Malawi si dziwe. Kutalika kwake kumaposa makilomita 550, malo ena ndi akuya mamita pafupifupi 700, ndipo m'chaka cha 1946 namondwe anamiza sitima ya Vipya kumpoto kwa nyanjayi, anthu 145 n'kutaya miyoyo. M'nyengo ya mvula, mphepo ya mpoto ndi mikuntho yotsika m'mapiri imafika mwadzidzidzi, nyanja imene inali bata n'kuwinduka munthu asanamalize kupinda thanga. Asodzi a kuno amawerenga mitambo ndi mtundu wa madzi patali, ndipo mukaona akukokera mabwato awo kumtunda masana, woyendetsa boti la mamiliyoni alibe chifukwa chodziyesa wodziwa kuposa iwo.

[Chithunzi: nyali za asodzi a usipa zitandandalika panyanja usiku]

Asodzi omwewa akutikumbutsa chinthu china chimene mabuku a ku France sanena. Usiku wopanda mwezi, nyanja ya ku Salima imadzaza ndi nyali za opha usipa, ndipo kuseri kwa nyali iliyonse kuli chilimira chimene chikukokedwa ndi maboti. Palinso matchera otchedwa madzulo n'kusiyidwa usiku wonse, amene chizindikiro chake chimangokhala kachigubu koyandama. Boti la mamita 6.5 m'lifupi, lokhala ndi mapulopela awiri, zipsepse ziwiri ndi ziwongolero ziwiri kunsi, limasesa njira yaikulu. Ukonde ukakulungika pa pulopela, injini imazima, ndipo ulusi wake ukhoza kudula labala yotchinga madzi kuti asalowe mu giya. Kwa msodzi, ukondewo ndi chuma chonse cha banja lake. Maganizo anga ndi akuti boti lotere lisamayende usiku m'dera lino pokhapokha patakhala chifukwa chachikulu, ndipo masana munthu mmodzi azikhala kutsogolo kuyang'ana zigubu, pakuti mpando wa woyendetsa uli mbali imodzi ndipo saona bwino mphuno ya thupi linalo.

Pogona pafunikanso nzeru. Gombe lathu layang'ana kum'mawa, kotero mwera ukakula mafunde amathera pa mchenga wathu womwewu, ndipo nangula akaguluka boti limakankhidwira kumtunda. Pobisala pabwino ndi kuseri kwa zilumba za Maleri, zomwe zili m'gulu la malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, choncho malamulo a kumeneko ayenera kutsatidwa. Dziwe la Chia likanakhala pothawira pena, koma pa khomo pake pali mlatho wa msewu wa M5, ndipo mlongoti wa mamita pafupifupi 17 sungadutse pansi pake. Poponya nangula, oyendetsa katamarani amamanga zingwe ziwiri, china pa mphuno iliyonse, n'kuzikumaniza pa tcheni, kuti boti lisamazungulire uku ndi uku usiku wonse.

Madzi athu opanda mchere ali ndi ubwino wake. Zitsulo sizichita dzimbiri msanga, ndipo makina odula osefa mchere safunika. Komabe madziwa ndi opepukirapo kuposa amchere, motero boti limamira pang'ono kuposa mmene likanakhalira ku Durban, ndipo tizitsulo toteteza injini ku dzimbiri tiyenera kukhala ta magnesium m'malo mwa zinc.

Chotsala ndi funso lakuti botilo lingafike bwanji kuno. Kuchokera ku nyanja ya Indian silingabwere pamadzi, chifukwa pa mtsinje wa Shire pali mathithi a Kapichira ndi ena, komanso madamu opangira magetsi. Ilala yeniyeniyo inapangidwa ku Scotland, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Beira, ndipo inalumikizidwa ku Monkey Bay isanayambe ntchito mu 1951. Lagoon 380 silingaphwasulidwe choncho. Liyenera kukwezedwa lathunthu pa thiraki, ndipo katundu wa mamita 6.5 m'lifupi amatseka pafupifupi msewu wonse, amafuna zilolezo zapadera m'dziko lililonse limene akudutsa, ndiponso makina onyamulira pomutsitsa pa doko ngati la Chipoka.

Ndikaziika pamodzi, ndikuona kuti botili lingayenere mwini malo ogona alendo amene akufuna kuyenda maulendo aafupi a masana, wokhala ndi woyendetsa wophunzira bwino ndi makaniko wodziwa injini za dizilo. Kwa munthu amene cholinga chake ndi kuyenda ndi mphepo pa nyanja ino ndi ndalama zochepa, ndingamulozere kwina. James Wharram wa ku England, amene anaoloka nyanja ya Atlantic m'zaka za m'ma 1950 pa katamarani wodzipangira yekha wa mamita 7, anasiya mapulani a maboti a pulayiwudi amene matupi ake amalumikizidwa ndi mitanda yomangidwa ndi zingwe. Boti lotere limamasulidwa, thupi lililonse n'kukwera lole palokha, limakokeredwa pamchenga mwera ukavuta, ndipo amisiri okhoma maboti a matabwa ku Senga Bay ndi ku Nkhotakota akhoza kulikonza likawonongeka. Mulibe zipinda zazikulu ngati za Lagoon, ndipo nalonso silipendekeka, kotero lamulo lochepetsa thanga msanga limalikhudza chimodzimodzi.