Mukamata molekyulu pa graphene, kanjenjemedwe kake kamasintha bwanji?

[Pa sikirini: ng'oma, wina akumata phula pakati pa chikopa]

Moni owonera. Oimba ng'oma amadziwa kuti phula likakhala pakati pa chikopa, mawu a ng'oma amatsika. Graphene, kansalu kopyapyala ka ma atomu a kaboni, nayo imachita chimodzimodzi, kungoti kukhuthala kwake ndi atomu imodzi yokha ya kaboni. Andre Geim ndi Konstantin Novoselov anaisenda pa graphite (chakuda cholembera cha m'kati mwa pensulo) ndi selotepi ku Manchester mu 2004.

Ma atomu ake sakhala duu, amanjenjemera limodzi, ndipo kunjenjemera kumeneko kumatchedwa phonon. Mukaiwalitsira laser pa makina a Raman, oyezera kunjenjemeraku, graphene yoyera imaonetsa pa girafu nsonga yotchedwa G cha pa 1580 cm⁻¹ (muyeso wa liwiro la kunjenjemera). Nsonga ya D, ya cha pa 1350, siioneka mpaka dongosolo la ma atomu litasokonezeka.

[Pa sikirini: ma atomu 50 a kaboni pa kompyuta]

Tiyeni timatepo zinthu ziwiri. Choyamba ndi C60, kampira ka ma atomu 60 a kaboni. Ndi kolemera ndithu, koma kamangokhala pamwamba osalumikizana ndi atomu iliyonse, choncho nsonga ya G imangosuntha pang'ono. Chachiwiri ndi CH3, kaboni imodzi ndi haidrojeni zitatu. Kachepa, koma kamagwira atomu imodzi ya graphene n'kuikokera m'mwamba. Malo athyathyathya aja amatumphuka, ndipo D imatulukira. Nkhani yagona pa kagwiridwe, kulemera kumabwera pambuyo. Popeza kutentha mu graphene kumayenda kwambiri ndi ma phonon, timalo totumphukati timachepetsanso kuyenda kwake.

Kompyuta imadziwa bwanji zimenezi? Pulogalamu ngati Quantum ESPRESSO imayamba yasiya ma atomu onse akhazikike pamene palibe chowakoka. Kenako pulogalamu ina, Phonopy, imasuntha atomu imodzi imodzi pang'ono zedi, ndi 0.01 Å (Å ndi muyeso wa utali wa tinthu tating'ono ngati ma atomu), n'kuona mphamvu imene anzake akubwezera. Mukathamanga osadikira kuti akhazikike, mudzapeza manambala a negetivu pa liwiro la kunjenjemera, ndiye musamati mwatulukira zachilendo.

Msampha wina ndi uwu. Kabokosi ka ma atomu 50 kaja kompyuta imakabwereza mbali zonse mosalekeza. Mukaikamo CH3 imodzi, ndiye kuti mwamata imodzi pa ma atomu 50 aliwonse, zochuluka kuposa mmene mumaganizira. Kulitsani kabokosiko, muwerengenso, muone ngati zotsatira zasiya kusintha.