Nambala ikawoloka, chizindikiro chimatani?

Eya, mphwanga, samu yako ija ndayiona, ukufunsa zimene chizindikiro, pulasi kapena mainasi, chimachita nambala ikawoloka kupita mbali ina ya equals. Tenga pepala, usamangomvetsera ayi, uzilemba. Lemba x pulasi 7 equals 12. Tikufuna x atsale yekha, ndiye 7 timuwolotsa, akafika kumanja amakhala mainasi 7, x ndi 5. Imeneyo ndi yophweka.

Koma dikira kaye. Sikuti 7 amawolokadi ayi. Chomwe tachita, tachotsa 7 mbali zonse ziwiri, ngati pa sikelo, ukachotsa uku uchotsenso uko. Uchigwire chimenechi.

Tsopano lemba iyi, imene inandigwetsa ine pa mayeso: 5 mainasi 2x equals 11. Mainasi ameneyo ndi wa ndani? Si wa 5. Chizindikiro chimakhala cha nambala imene ili kumanja kwake, ndiye ameneyu ndi wa 2x. 5 alibe kanthu kutsogolo, ndiye kuti ndi pulasi. Akawoloka, 11 kuchotsa 5, tatsala ndi mainasi 2x equals 6. Wamusiya mainasi uja? Ayi, tayang'ana pepala lako, ambiri amamutayira pamenepa.

Ndiye pano, eee, mvetsera bwino. Ine ndinati mainasi 2 akuwoloka, asinthe akhale pulasi 2, ndinagawa 6 ndi 2 nkupeza 3. Ndinatuluka ndikusangalala, osadziwa kuti ndaphonya. Mainasi 2 uyu sakuchotsedwa kwa x, akuchulukitsa x. Chimene chimamasula kuchulukitsa ndi kugawa. Ndiye amatsikira pansi pa 6 ndi mainasi wake yemweyo, sasintha. Ndibwerezenso: wochulukitsa akawoloka amagawa, koma chizindikiro chake amapita nacho. 6 kugawa ndi mainasi 2, yankho ndi mainasi 3.

Panali mnzanga wina m'kalasi, aphunzitsi ankamuuza tsiku ndi tsiku kuti azilemba mzere uliwonse, iye ayi, zonse m'mutu. 3x equals 18 anapeza 15, akuti 3 wawoloka wasanduka mainasi. Yankho ndi 6. Ankandimvetsa chisoni, chifukwa mutu anali nawo.

Tinali pati? Eya, usanatseke kope, bweza yankho mu samu. Mainasi 2 kuchulukitsa ndi mainasi 3 ndi pulasi 6, kuphatikiza 5 uja, 11. Zagwirizana. Ukaikamo 3 wanga uja upeza mainasi 1. Yesa 8 mainasi 4x equals 20, unditumizire chithunzi, mizere yonse ioneke.