Usanakoke contrast pa heightmap yako ya Mulanje

Mphwanga, chithunzi chako cha heightmap ya phiri la Mulanje chija ndachiona. Ukuti ukachilowetsa mu Unreal, injini yopangira magemu ija, phiri likutuluka lalifupi ngati chulu, eti? Tsegula GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi ija, ine ndizilankhula, iwe uzidina.

Heightmap si chithunzi chosangalatsa maso ayi. Injini ya gemu imangowerenga manambala: pakuda ndi pansi, poyera ndi pamwamba, potuwa ndi pakatikati. Ndiye ukamasintha contrast, kusiyana kwa pakuda ndi poyera, dziwa kuti ukukweza ndi kutsitsa nthaka. Chako chija changotuwa mbuu paliponse, n'chifukwa chake phiri lakana kudzuka.

Usanakhudze china chilichonse, pita pa Image, Precision (mu GIMP 3 ndi Image, Encoding), uone ngati fayilo ili pa 16-bit. Apa mvetsera bwino. Mu 8-bit, kuchoka pakuda kufika poyera pali masitepe 256 okha. Nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002, pomwe chigwa chozungulira phirilo chili cha m'ma 600 kapena 700. Ukagawa kusiyana kumeneko ndi 256, sitepe imodzi ikudumpha mamita pafupifupi 9. Malo otsetsereka amatuluka odukizadukiza, munthu wa mu gemu n'kumakwera makwerero m'malo mwa phiri. Mu 16-bit masitepe alipo 65,536, kudukizako sikuonekanso.

Koma ngati fayilo yako inasungidwa kale mu 8-bit kapena JPEG, kungoisinthira ku 16-bit sikubweza zomwe zinatayika. Bola ukatengenso yoyambirira ya SRTM, miyezo ya kukwera kwa nthaka yojambulidwa kuchokera mumlengalenga, pa webusaiti ya USGS EarthExplorer, ya mamita 30 pa pixel ija. Ukaitsegula nthawi zambiri imaoneka yakuda bii. Usaifufute poganiza kuti yawonongeka, phiri lilimo, kungoti manambala ake ndi aang'ono.

Tsopano Brightness-Contrast isiye, imakankha zinthu iwe osaona chomwe chikudulidwa. Pita pa Colors, Levels. Waiona girafu ija, histogram? Zonse zaunjikana malo amodzi, mbali zina mulibe kanthu. Pansi pake pali timakona titatu. Kakuda ukakokere pomwe muluwo ukuyambira, koyera ukakokere pomwe ukuthera.

Pa koyerapa ndi pomwe anthu ambiri amalakwitsa. Nsonga ya phiri ndi timadontho tochepa kwambiri, moti pa girafu sitioneka. Munthu amaona ngati kumanja kulibe kanthu, n'kulowetsa kakonako mkati, basi chilichonse chopitirira pamenepo chimasanduka choyera chofanana. Mu gemu Sapitwa amapezeka wametedwa, pamwamba pali see. Ndiye dina kabatani ka logarithmic histogram pakona ya girafuyo, kamchira kobisika kaja kaonekera. Uimitse kakona kunja kwa kamchirako, usiyeko kampata pang'ono. Kumbali yakuda chimodzimodzi, apo ayi makwawa a mitsinje akwiririka.

Kakona ka pakati, kolembedwa 1.00, usakasunthe. Kamapinda mapendekedwe a nthaka, zigwa zimafufuma kapena kulowa pansi. Ukanakhala kuti ukupanga dziko longopeka ndikanati sewera nako, ngakhale Curves yomwe, koma iwe ukufuna Mulanje weniweni.

Ukaona timabampu, Filters, Blur, Gaussian Blur, ika 1 kapena 2 basi. Ukapyola apo matanthwe akuthwa aja asungunuka.

Posunga, dula chithunzi chikhale 1009 kwa 1009 kapena 2017 kwa 2017, ndiwo ena mwa masaizi omwe Unreal imalimbikitsa. Export As, PNG, pa pixel format usankhe 16bpc GRAY. Za JPEG iwalako.

Ukachilowetsa n'kupeza phiri likadali lalifupi, usabwerere ku GIMP kukawonjezera contrast. Vuto latsala pa Z scale, nambala yomwe imatambasula nthaka chokwera m'mwamba. Mu Unreal, Z ikakhala 100, kuchoka pakuda kufika poyera ndi mamita 512 okha. Iwe ukufuna pafupifupi 2,400, ndiye chulukitsa 2,400 ndi 100, ugawe ndi 512, upeza cha m'ma 469. X ndi Y, za m'litali ndi m'lifupi, nazonso zigwirizane ndi kukula kwenikweni kwa malo unadulawo, kupanda apo phiri lisongoka mopitirira. Ukatero unditumizire screenshot, koma ujambule uli chapansi kuyang'ana m'mbali mwa phiri, osati kuchokera kumwamba.